Zilembo za Chijapanizi zandiimitsa mutu, ndiyambire pati?

Mayi wina wa ku Dedza walemba motere: "Zikomo aphunzitsi. Ndili ndi zaka 34, ndine mlangizi wa zaulimi. Ndapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri ku Japan ndipo ndinyamuka pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Maphunziro adzakhala m'Chingerezi, koma ndikufuna ndizikatha kugula zinthu, kukwera sitima ndi kupatsana moni ndi anthu. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikuloweza mawu pafoni, olembedwa m'zilembo zathu zomwezi, ndipo ndikudziwa pafupifupi 200. Nditayamba kanji, zilembo zawo zochokera ku China, mutu unaima. Ndinkakopera zilembo 20 pa tsiku, pofika Loweruka zonse zauluka. Chandifooketsa kwambiri ndi ichi, 日. Pena akuti ndi hi, pena nichi, pena ka, pena bi. Kodi ndakula kwambiri? Kapena ndingozisiya zilembozi n'kumangophunzira kuyankhula?"

Achemwali, choyamba ndikuyamikireni chifukwa cha mwayi mwapezawu, komanso chifukwa choyamba kukonzekera nthawi ikadalipo. Ambiri amadzidzimukira m'sitolo tsiku loyamba, atagwira paketi yoyera m'manja osadziwa ngati muli mchere kapena shuga. Za kukulazo zichotseni mumtima. Ine ndinayamba Chijapanizi ndili ndi zaka 31, ndipo pa anthu amene ndakhala ndikuwathandiza chibwerereni kwathu kuno, amene amafika patali ndi amene ali ndi chifukwa chenicheni chophunzirira monga inuyo, kaya ali ndi zaka zingati.

Chakugwetsani ndi mtolo umene munadzisenzetsa. Mwana wa ku Japan, amene chiyankhulochi anachita kuyamwira, amaphunzira kanji 80 zokha chaka chake chonse choyamba kusukulu. Chaka chachiwiri amawonjezera 160. Pomaliza zaka zisanu ndi chimodzi za pulayimale amakhala atadutsa 1,026, ndipo mndandanda wa boma wa zilembo za tsiku ndi tsiku, umene unakonzedwanso mu 2010, uli ndi 2,136, zimene mwanayo amapitiriza nazo mpaka kusekondale. Inu ndi 20 pa tsiku mumafuna ntchito ya chaka chathunthu ya mwana uja ithe m'masiku anayi, mutaweruka kuntchito mutatopa. Palibe mutu umene ukanasunga zimenezo.

Koma zoti mungozisiya, ayi, sindikuvomerezani. M'kalasi mudzamva Chingerezi, ndipo pa masiteshoni akuluakulu mayina amalembedwanso m'zilembo zathu. Mukangolowa m'nyumba yanu, makina ochapira, kalata zochokera kukhonsolo, bilu ya gasi, paketi ya mankhwala, zonse zidzakuyang'anani m'Chijapanizi. Kamera ya foni imamasulira ndithu, nanenso ndimaigwiritsa ntchito, koma kukhala zaka ziwiri mukuloza foni pa chitseko chilichonse kumatopetsa, ndipo munthu umadziona mlendo mpaka tsiku lobwerera.

Chijapanizi chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo, yonse n'kukumana m'chiganizo chimodzi. Onani ichi: 私はパンを食べます, watashi wa pan o tabemasu, kutanthauza kuti ndimadya buledi. 私 ndi 食 ndi kanji, zimene zimanyamula tanthauzo. パン ndi katakana. Zotsalazo, zopindikapindikazo, ndi hiragana, zimene zimalumikiza mawu ndi kusonyeza nthawi ya mneni. Inu munalumphira ku kanji musanamange maziko a ziwiri zinazi.

Ndiye pempho langa loyamba ndi lakuti kuyambira lero musiye kuloweza mawu olembedwa m'zilembo zathu, zimene iwo amati rōmaji. Ndi chikomekome cha mkuyu. Diso likazolowera kuthamangira kumene likudziwa kale, limakana kuyang'ana zachilendozo, ndipo ndaonapo anthu atakhala chaka chathunthu ku Japan akulepherabe kuwerenga dzina la siteshoni yawo m'hiragana.

Hiragana ndi zilembo 46, chilichonse chikuimira phatikizo lathunthu, monga tinkaimbira ba be bi bo bu mu Sitandade 1. Iwo amayamba a i u e o, kenako ka ki ku ke ko, sa shi su se so, mpaka kumapeto. Apa ife a Chichewa tili ndi mwayi umene Mngerezi alibe. Malembo a liwu ndi asanu omwewo, mawu awo amathera pa lembo la liwu monga athu kupatula othera pa n, ndipo ra ri ru re ro yawo imamveka pakati pa l ndi r, pomwe lilime lathu limagunda kale tikamati "mbiri" kapena "lero". Gulani kope la masamu lija la timabokosi, chilembo chimodzi chizitenga timabokosi tinayi, muzilemba mzere umodzi wa zilembo zisanu pa tsiku, uku mukutchula mokweza. Tsatirani dongosolo la kalembedwe, kuchokera pamwamba kutsika, kuchokera kumanzere kupita kumanja, chifukwa dzanja likazolowera njira imodzi limathandiza mutu kukumbukira. M'masabata awiri mudzakhala mutamaliza, kuphatikizapo timizere tiwiri timene timasandutsa ka kukhala ga, ndi kabwalo kosandutsa ha kukhala pa. Zosokoneza aliyense ndi ぬ ndi め, komanso わ, れ ndi ね. Zilembeni moyandikana mpaka diso lione pamene mchira wapindira. Mawu anu 200 aja musawataye, alembeninso onse m'hiragana, ndiwo akhale zoyeserera zanu.

Pali msampha umodzi umene umakola ife makamaka, ndipo mabuku olembera Azungu sautchula. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto osadziwa n'komwe. Nenani "madzi" kapena "nyumba" mumve mmene "ma" ndi "nyu" akutalikira, tanthauzo osasintha. M'Chijapanizi kukoka kumabala liwu lina. Biru ndi nyumba yosanja, biiru ndi mowa. Obasan ndi azakhali, obaasan ndi agogo aakazi, ndipo mayi wa zaka 45 sadzakondwa mukamukokera "ba" ameneyo. Kite ndi bwera, kiite ndi mvera, pamene kitte, wokhala ngati mwapunthwa pang'ono pakati, ndi sitampa ya pakalata. Ophunzira anga ndimawaombetsa m'manja: bi-ru kawiri, bi-i-ru katatu, ki-t-te katatu. Hiragana imaonetsa kusiyanaku poyera chifukwa kugunda kulikonse kuli ndi chilembo chake. Za kukweza ndi kutsitsa liwu musadandaule nazo panopa. Khutu limene limasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika lidzasiyanitsanso hashi wa mlatho ndi hashi wa timitengo todyera.

Katakana ndi maphatikizo omwewo 46 olembedwa ndi mizere yowongoka, ndipo ntchito yake yaikulu masiku ano ndi mawu obwereka ndi mayina akunja. Dzina lanu lidzalembedwa m'katakana kubanki ndi kuchipatala, ndipo dziko lathu ndi マラウイ. Ophunzira ambiri amazinyalanyaza, koma kwa inu ndi mawu aulere mazanamazana, chifukwa iwo amapinda Chingerezi mofanana ndi ife. Ife supuni, iwo supūn. Ife tebulo, iwo tēburu. Ife basi ndi thaulo, iwo basu ndi taoru. Werengani mokweza, khutu lidzakuuzani tanthauzo. Ena anachokera kwina: pan wa buledi uja ndi wa Chipwitikizi, arubaito, ganyu amene ophunzira amagwira, ndi wa Chijeremani. Enanso anasintha tanthauzo panjira, monga konsento, amene ndi soketi ya magetsi ya pakhoma. Chenjerani ndi シ ndi ツ, komanso ン ndi ソ. Pa shi ndi n mzere wautali umakwera kuchokera pansi, pa tsu ndi so umatsika kuchokera pamwamba. Masabata ena awiri, mwezi woyamba watha.

Tsopano tifike pa 日 wanu uja. Kalelo anthu a ku Japan ankayankhula chiyankhulo chawo koma analibe zilembo. Zilembo za ku China zinawafika kudzera ku Korea, ndipo pofika zaka za m'ma 400 zinali zitayamba kugwiritsidwa ntchito. Chilembo chilichonse chinabwera ndi tanthauzo lake komanso katchulidwe ka Chitchaina, koma eni dziko anali kale ndi liwu lawo la chinthu chomwecho, ndiye anasunga zonse ziwiri. Phiri iwo ankati yama, chilembo 山 chinabwera ndi san. Lero 山 payekha ndi yama, koma phiri lawo lotchuka lija ndi Fuji-san. Katchulidwe ka makolo awo amakatcha kun'yomi, kochokera ku China amakatcha on'yomi, ndipo poti zilembo zinkabwera m'nthawi zosiyana kuchokera m'zigawo zosiyana za China, zina zili ndi on'yomi ziwiri kapena zitatu.

Zikumveka ngati chipwirikiti, koma inu mumachita zomwezi tsiku lililonse. Tengani nambala 2. Mukaona "anthu 2" mumawerenga awiri, "mbuzi 2" ziwiri, "2 koloko" thu koloko, "Sitandade 2" thu. Chizindikiro ndi chimodzi, pena mukutchula mwa Chichewa, pena mwa Chingerezi, ndipo simunakhalepo pansi kuloweza mndandanda wa katchulidwe ka 2. Munaphunzira mawu athunthu, pakamwa n'kumadziwa pokha. Chitani chimodzimodzi ndi kanji. Funso loti 日 amawerengedwa bwanji lilekeni, muzifunsa kuti liwu ili limawerengedwa bwanji. 毎日 ndi mainichi, tsiku lililonse. 三日 ndi mikka, pa 3 mwezi kapena masiku atatu. 日曜日 ndi nichiyōbi, Lamulungu, chilembo chomwecho kawiri, koyamba nichi, kumapeto bi. 今日 ndi kyō, lero, ndipo apa simungagawe n'komwe kuti kyō wagona pa chilembo chiti. Mawu anayi amene mudzawafune sabata yoyamba, ndipo katchulidwe kabwera kokha. Kalamulo kothandiza ndi kakuti chilembo chikaima chokha kapena chikatsatidwa ndi hiragana nthawi zambiri chimatenga kun'yomi, ziwiri zikaphatikana zimatenga on'yomi. Kamagwira kawirikawiri, koma musakadalire kotheratu.

Ine zimenezi ndinaziphunzirira pa mphika. Mwezi wanga woyamba ndinalakalaka nsima koopsa, ndipo mnzanga wina anandiuza kuti chilembo cha ufa ndi 粉. Ndinapita m'sitolo n'kupeza mapaketi atatu, onse othera pa 粉, ndiye ndinasankha woyera kwambiri. Nditauthira m'madzi otentha unangogwirana n'kukhala ngati ulimbo woonekera mkati, mthiko osatembenuka. Unali 片栗粉, katakuriko, sitachi wa mbatatesi amene amalimbitsira msuzi. Usiku umenewo ndinakumbuka kwathu kwambiri. M'mawa ndinabwerera m'sitolo muja ndi kope, n'kuima pa shelefu kukopera mayina onse atatu: 小麦粉, komugiko, ufa wa tirigu, 米粉, komeko, ufa wa mpunga, ndi katakuriko uja. Chilembo chimodzi chimene ndinkachidziwa pachokha ndicho chinandisocheretsa, pamene mawu atatu athunthuwa sindinawaiwalenso mpaka lero. Wa chimanga mukadzaufuna muyang'ane m'katakana, コーングリッツ kapena コーンミール, ndipo nthawi zambiri ndi wachikasu.

Yang'anitsitsaninso 粉 yemweyo. Kumanzere kuli 米, mpunga, kukuuzani kuti nkhani ndi ya mbewu. Kumanja kuli 分, amene amatchulidwa fun, ndipo on'yomi ya 粉 ndi fun yemweyo, monga mu 花粉, kafun, mungu wa maluwa. Kanji zambiri zinamangidwa motero, mbali ina tanthauzo, mbali ina katchulidwe. Timadontho titatu ta kumanzere, 氵, ndi madzi, ndipo mudzatipeza mu 海 nyanja, 池 dziwe, 洗う kuchapa, 泳ぐ kusambira. 言 ndi kunena, ndipo ali mu 話す kuyankhula ndi 読む kuwerenga. 青 amatchulidwa sei, ndipo 晴, 清 ndi 静 onse ali ndi sei. Munthu, 人, akatsamira mtengo, 木, timapeza 休, kupuma. Mukayamba kuona zidutswazi, chilembo cha mizere khumi ndi iwiri chimasanduka zinthu ziwiri kapena zitatu zodziwika kale. Kukopera chilembo maulendo makumi asanu osachiphwanya ndi kulima pathanthwe.

Nanga mawu oyambira ndi ati? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mindandanda ya pafoni imakuphunzitsani nyama za kumalo osungira zinyama musanadziwe chitseko chotulukira. Yendani m'maganizo tsiku lanu loyamba. 入口, iriguchi, polowera, ndi 出口, deguchi, potulukira. 男 ndi 女 pa zitseko za zimbudzi, yanu ndi 女. 駅, eki, siteshoni. 円, en, ndalama yawo. 押 ndi 引 pa chitseko, kankha ndi koka. M'sitolo 牛 ndi ng'ombe, 豚 nkhumba, 鶏 nkhuku, 塩 mchere, 砂糖 shuga. Ndipo liwu limene wophunzira aliyense amalikonda ndi 半額, hangaku, theka la mtengo: madzulo sitolo ikamayandikira kutseka, wantchito amayenda ndi timapepala tomata pa nsomba ndi zakudya zophikaphika, anthu akumutsatira mwakachetechete. Onjezani 危険, ngozi, 禁止, n'zoletsedwa, ndi 非常口, khomo lothawira.

Simukufunika kudikira ndege kuti muzione zilembozi. Galimoto zambiri za pamsewu pathu zinabwera kuchokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito, ndipo mawailesi ake akadali m'Chijapanizi. Mukakwera Sienta khalani kutsogolo muyang'ane pa wailesi: 設定, settei, ndi pokonzera zinthu, 音量, onryō, ndi kukula kwa mawu, 戻る, modoru, ndi kubwerera. Mayi amene amayankhula galimoto ikangolizidwa uja nthawi zambiri amakhala akunena za kādo, khadi lolipirira misewu ya kwawo. Mverani, mudzalimva liwulo.

Za kuiwala pofika Loweruka, ndi mmene mutu wa munthu aliyense ulili. Katswiri wa za maganizo wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimene taloweza zimatayika m'masiku oyambirira ngati sitinazibwereze. Mankhwala ake ndi kubwereza motalikitsa: liwu la lero mulionenso mawa, kenako pakatha masiku atatu, sabata, mwezi. Pulogalamu ya Anki imakuwerengerani masikuwa, ndipo pa foni za Android ndi yaulere komanso imagwira popanda intaneti. Timakadi ta pepala m'maenivelopu atatu timagwiranso ntchito yomweyo. Kutsogolo lembani liwu monga limalembedwera ku Japan, kumbuyo katchulidwe m'hiragana, tanthauzo m'Chichewa, ndi kachiganizo kafupi konena za moyo wanu. Mawu atsopano asanu pa tsiku, mphindi 20 m'mawa musanapite kuntchito. M'miyezi isanu amenewo ndi mawu 750, kuphatikiza 200 anu aja mwayandikira 1,000, ndipo aphunzitsi ambiri amayerekeza kuti gawo loyamba la mayeso a Chijapanizi limafuna mawu ngati 800 ndi kanji ngati 100. Tsiku limene mwatopa, bwerezani akale okha osawonjezera atsopano, koma lisadutse. Mawu azilowanso kudzera m'khutu: bungwe la Japan Foundation lili ndi maphunziro aulere otchedwa Irodori, okonzera anthu okakhala ku Japan, okhala ndi mawu omvera amene mungakopere pafoni kamodzi. Patsogolo, NHK, nyumba youlutsa mawu ya ku Japan, ili ndi nkhani za tsiku zolembedwa mophweka, zokhala ndi furigana, tihiragana ting'onoting'ono pamwamba pa kanji tosonyeza katchulidwe.

Kulemba ndi dzanja musadzipanikize nako. Kanji 100 zoyamba zilembeni kuti mudziwe mmene zimamangidwira, ndipo dzina lanu ndi adiresi yanu muzitha kulemba pa fomu. Zotsalazo kuzizindikira n'kokwanira, chifukwa pafoni mumalemba katchulidwe n'kusankha chilembo choyenera.

Pa manambala, zolowerani 万, man, amene ndi 10,000, poti iwo amawerenga ndalama m'magulu amenewo, moti 50,000 ndi goman ndipo 100,000 ndi jūman. Kuwerenga zinthu kumasintha potengera mtundu wa chinthu, monga ife timati munthu mmodzi, chinthu chimodzi, mtengo umodzi. Iwo munthu mmodzi ndi hitori, botolo limodzi ippon, pepala limodzi ichimai. Poyamba gwirani hitotsu, futatsu, mittsu, adzakugulirani pafupifupi chilichonse.

Chimene chidzakusangalatseni ndi mivekero. Ife timati kuyera mbee, kuda bii, kunyezimira waliwali. Iwo mvula yamphamvu imagwa zāzā, chotsukidwa bwino chimawala pikapika, wanjala m'mimba muli pekopeko, mtima umagunda dokidoki. Azungu amavutika nayo, ife timaimva msanga. Ndi yofunikanso kuchipatala, kumene mutu wogunda mumati zukizuki ndipo ululu wolasalasa chikuchiku. Ulemu nawonso simudzachita kuuphunzira kumene. San wa kumapeto kwa dzina ali ngati "a" wathu wa kumayambiriro, ndipo sumadziikira wekha. Mayi anu powatchula kwa alendo ndi haha, mayi a mnzanu ndi okāsan. Pakhomo la munthu, odi wawo ndi gomen kudasai. Gwiritsitsani ziganizo zothera pa desu ndi masu, ndipo mawu a m'makatuni musawatengere kwa aphunzitsi anu, ambiri mwa iwo ndi amwano.

Pali pofunika thandizo la munthu, poti safunsa anadya phula. Ngati patatha masabata asanu ndi limodzi hiragana ikukanabe kukhazikika, pezani wina akuoneni mmene mukuphunzirira, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala loti mukungoyang'ana osalemba ndi kutchula. Kukoka mawu kuja n'kovuta kudzimva wekha, ndiye dzijambuleni pafoni mutumizire wodziwa chiyankhulochi. Anthu odzipereka a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza maiko ena pa chitukuko, akhala akubwera m'dziko muno kuyambira 1971, ndipo ngati alipo wina m'dera lanu, mupatseni moni m'chiyankhulo chake. Mayeso a Chijapanizi otchedwa JLPT amayambira N5, gawo loyamba lija, mpaka N1 ndipo amalembedwa mu Julaye ndi Disembala. Za malo olembera funsani ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe, ngakhale kwa inu panopa si achangu. Mukafika, lembetsani makalasi a Chijapanizi a payunivesite, ndipo funsani kukhonsolo za makalasi a anthu odzipereka, amene m'mizinda yambiri ndi aulere kapena otchipa. Koma pa mgwirizano wa lendi, wa foni, wa ngongole, kapena pepala la kuchipatala, musasaine podalira mawu anu 1,000 kapena kamera ya foni. Pitani ku ofesi yoona za ophunzira akunja akupezereni womasulira. Sungani pamtima 119 ya ambulansi ndi ozimitsa moto, 110 ya apolisi, ndipo adiresi yanu muzitha kuinena mutadzidzimutsidwa kutulo.

Mwezi uno, pamene muli pa hiragana ndi katakana, kanji ndikulolezani zisanu ndi ziwiri zokha. Tengani kalendala ya pakhoma mulembe pamwamba pa masiku, kuyambira Lolemba: 月 火 水 木 金 土 日. Ndi mwezi, moto, madzi, mtengo, golide, dothi ndi dzuwa, ndipo m'mawa uliwonse muzitchula tsikulo: getsuyōbi, kayōbi, suiyōbi, mokuyōbi, kin'yōbi, doyōbi, nichiyōbi. Zitatu mwa izo ndi za ntchito yanu ya ulangizi, mizu madzi, ki mtengo, tsuchi dothi, ndipo zonse zisanu ndi ziwiri mudzazipeza pa pepala la masiku otayira zinyalala pakhomo lanu latsopano. Mukamaliza hiragana mundilemberenso, moni wa m'kalatayo ukhale m'hiragana.